Ndayamba vape koma ndudu sindinazisiyiretu, nditaye chiti?

Funso: Adokotala, ndine bambo wa zaka 43, ndimakhala ku Lilongwe ndipo ndimayendetsa galimoto yonyamula katundu. Ndinayamba kusuta ndili ku sekondale, ndipo mpaka chaka chatha ndinkamaliza paketi pa tsiku. Mng'ono wanga amene ali ku Johannesburg anandibweretsera vape, ndudu yamagetsi ija, akuti iyeyo ndi imene inamusiyitsa fodya. Pano ndimangosuta ndudu zinayi kapena zisanu, m'mawa komanso ndikakhala kumowa ndi anzanga, nthawi ina yonseyo ndi vape. Koma mayi akunyumba aona pa WhatsApp kuti vape imawononga mapapo kuposa ndudu, ndiye akuti ndiitaye. Nditaye chiti? Kapena mmene ndachepetseramu basi zili bwino?

Yankho: Bambo, ngati pali choti chitayidwe sabata ino, ndi ndudu zinayi kapena zisanu zatsalazo. Vape muyambe mwaisunga. Pa funso lanu lomalizalo, ayi, sizinafike pabwino. Kutsika kuchoka pa paketi yathunthu si ntchito yamasewera ndipo sindikuipeputsa, koma pamene mwaimapa ndi pamene anthu ambiri amakhazikika kwa zaka, akudziuza kuti apulumuka, mtima ndi mitsempha yawo zikuvulalabe.

Tiyambe ndi chimene chimapha munthu wosuta. Chikonga ndi chimene chimakupatsani chibaba. Mukakoka ndudu chimafika kuubongo m'masekondi ochepa, ndipo ubongo ukazolowera umachifuna nthawi ndi nthawi. Chimathamangitsako mtima, chimakwezako BP kwa kanthawi, ndipo ndi choipa kwa mwana amene ali m'mimba komanso kwa achinyamata amene ubongo wawo ukukulabe. Koma khansa ya m'mapapo, chifuwa chobanika chosatha ndi mbali yaikulu ya matenda a mtima zimachokera kukupsa kwa fodyayo. Tsamba likamapsa limatulutsa utsi wokhala ndi makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa amenewa ndi odziwika kuti amayambitsa khansa. Muli phula lakuda lija limadetsa mano ndi zala, lomwenso limamata m'njira za mpweya. Mulinso mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umakomola anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka, umene umalanda malo a okosijeni m'magazi.

Mu vape mulibe chopsa. Muli batire, kawaya kopindapinda kotchedwa koyilo, thonje, ndi timadzi. Timadzito ndi propylene glycol, glycerin, zonunkhiritsa ndi chikonga. Koyilo ikatentha, timadzi timasanduka nthunzi imene mumakoka. Anayambitsa vape ya masiku ano mu 2003 ndi Hon Lik, katswiri wa zamankhwala wa ku China amene naye ankasuta kwambiri, ndipo bambo ake anamwalira ndi khansa ya m'mapapo. Popeza palibe moto, mulibe phula ndipo mulibe carbon monoxide. Nthunziyo si mpweya wabwino ayi. Mumapezeka tizitsulo tochoka kukoyilo monga nickel ndi chromium, ndipo koyilo ikatentha thonje litauma pamatuluka formaldehyde, mmodzi mwa makemikolo oyambitsa khansa. Koma ambiri mwa makemikolo oopsa a mu utsi mulibemo, ndipo amene alimowo amakhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi mu ndudu.

Mwina mng'ono wanu anakuuzani kuti vape ndi yabwino kuposa ndudu ndi 95 peresenti. Nambala imeneyi inatchuka mu 2015 pamene bungwe la boma la Public Health England linaiika mu lipoti lake, ndipo chaka chotsatira bungwe la madokotala la Royal College of Physicians linanenanso zofanana. Ine sindikonda kuitchula ngati kuti anachita kuyeza pa sikelo, chifukwa inachokera pa kuyerekeza kwa gulu la akatswiri, panthawi imene vape inali isanakhalitse. Umboni umene ndimaudalira kwambiri ndi wa zimene zimapezeka m'thupi la munthu. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2017, ofufuza a ku London anayeza mkodzo ndi malovu a magulu osiyanasiyana a anthu. Amene anasiyiratu ndudu n'kumangogwiritsa ntchito vape kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa anapezeka ndi makemikolo oyambitsa khansa ochepa kwambiri. Koma amene ankaphatikiza ndudu ndi vape sanasiyane kwenikweni ndi osuta wamba. Gulu lachiwirili ndi lanu, bambo.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Mwachibadwa munthu amaganiza kuti ngati ndudu 20 zimawononga mwakuti, ndiye kuti ndudu zisanu zikuwononga gawo limodzi mwa magawo anayi. Kumbali ya khansa ya m'mapapo kuchepetsa kumathandizako ndithu, ngakhale kuti chimene chimalemera kwambiri ndi kuchuluka kwa zaka zimene munthu wakhala akusuta, ndipo zanuzo zikuwonjezekabe. Kumbali ya mtima ndi mitsempha masamuwo sayenda choncho. Utsi wochepa chabe ndi wokwanira kukanda khungu lam'kati mwa mitsempha ndi kupangitsa magazi kuundana msanga. Mu 2018 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza kafukufuku amene anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wina 141, ndipo anapeza kuti munthu wosuta ndudu imodzi yokha pa tsiku amasenza pafupifupi theka la chiopsezo chowonjezera cha matenda a mtima ndi sitiroko chimene amasenza wosuta ndudu 20. Imodzi yokha. Denga likamadontha malo asanu m'malo mwa malo 20, mphasa imanyowabe.

Palinso china chimene ndimachiona kwa odwala amene achepetsa. Ndudu zikakhala zowerengeka, iliyonse imakokedwa mwamphamvu, utsi umasungidwa m'chifuwa, ndipo imasutidwa mpaka kufilita. Thupi limadziwa mlingo wa chikonga umene likufuna ndipo limaupeza ndithu. Choncho zisanu za lero zikhoza kukhala zolemera kuposa zisanu za chaka chatha. Chinanso, bola m'thumba mukupezeka ndudu, njira yobwerera ku paketi ndi yotsegula. Maliro amodzi, galimoto kufa pamsewu usiku, kapena mkangano wa kuntchito, munthu amapezeka wabwerera pomwe anali.

Tsopano za uthenga umene mayi aona. Sanalakwe kuda nkhawa, ndipo nkhaniyo ili ndi pochokera. Mu 2019 ku United States anthu ambiri, makamaka achinyamata, anagonekedwa m'zipatala mapapo atawonongeka mwadzidzidzi. Pofika February 2020 anthu oposa 2,800 anali atagonekedwa ndipo 68 anamwalira. Atafufuza, bungwe la zaumoyo la dzikolo la CDC linapeza kuti gwero lalikulu linali vitamin E acetate, mafuta amene ogulitsa mwachinyengo ankasakaniza m'timadzi ta chamba togwiritsa ntchito mu vape. Sanali madzi a chikonga wamba. Zithunzi zambiri zimene zimazungulira pafoni mpaka lero ndi za nthawi imeneyo. Phunziro lake kwa inu ndi lachindunji: musaike mu vape yanu chilichonse chimene sichinapangidwire ntchitoyo, kaya mafuta, kaya chamba, kaya timadzi tosakaniza munthu kuseri kwa nyumba m'botolo lopanda chizindikiro.

Koma ngakhale titachotsa nkhani ya ku America ija, mayi ali ndi mfundo ina yoona. Ndudu zafufuzidwa kuyambira m'ma 1950, pomwe vape yangokhala pamsika zaka pafupifupi 20, ndiye palibe gulu la anthu limene laigwiritsa ntchito kwa zaka 40 kuti tione mapeto ake. N'chifukwa chake mayiko sagwirizana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO sililimbikitsa vape ngati njira yosiyitsira anthu fodya, ndipo limadandaula kwambiri ndi ana asukulu amene akukopeka ndi fungo la zipatso ndi maswiti. India analetseratu mu 2019. Ku Australia imagulitsidwa m'mafamase mokha. Pomwe ku England mu 2023 boma linalengeza ndondomeko ya Swap to Stop yopereka vape kwaulere kwa osuta okwana 1 miliyoni. Mukaona bwino, mbali ziwirizi zikuyang'ana anthu awiri osiyana. Wina akuyang'ana mwana wa Fomu 2 amene sanasutepo, ndipo kwa iyeyo vape ndi chiwonongeko chokhachokha. Wina akuyang'ana bambo wa zaka 43 amene wasuta kuyambira ali mnyamata, ndipo akapitiriza, mwayi woti fodya ndiye adzamuphe ndi pafupifupi theka. Ine ndikuyankha bambo ameneyu.

Kodi vape imasiyitsadi fodya? Imathandiza, koma si mankhwala amatsenga. Kafukufuku wodziwika kwambiri anachitikira ku England ndipo anasindikizidwa mu 2019, pa anthu 886 amene anapita okha kukafuna thandizo losiyira kusuta. Ena anapatsidwa vape, ena anapatsidwa chikonga cha m'njira zakale monga chingamu ndi timapepala tomata pakhungu, ndipo onse ankalandira uphungu. Patatha chaka, 18 mwa anthu 100 alionse a vape anali atasiya ndudu, pomwe kugulu linalo anali pafupifupi 10. Kusiyanako ndi kwakukulu, komabe onani kuti ambiri m'magulu onse awiri anabwerera ku fodya. Onaninso kuti mwa amene anasiya ndi vape, 80 mwa 100 alionse anali akuigwiritsabe ntchito chaka chitatha. Ndudu inachoka, chibaba chinatsala. Za zimenezi tibwererako.

Funso lenileni tsono ndi lakuti, n'chifukwa chiyani zisanu zimenezi zakana kuchoka? Kawirikawiri yankho limakhala lakuti vape sikukupatsani chikonga chokwanira pa nthawi imene thupi likuchifunitsitsa. Anthu ambiri amasankha timadzi tofooka poganiza kuti akudzisamalira, kenako n'kumakathera ku ndudu. Yang'anani pabotolo. Mphamvu imalembedwa ngati mg/ml kapena peresenti: 2% ndi chimodzimodzi 20 mg/ml. Munthu amene ankamaliza paketi nthawi zambiri amafunika 18 kapena 20 mg/ml poyambira, mu vape zing'onozing'ono zokoka ngati ndudu. Ngati yanu ili pa 3 kapena 6, chifukwa chake mwachipeza. Timadzi tolembedwa kuti nicotine salt sitikanda kwambiri pakhosi ndipo timathetsa chibaba msanga.

Kakokedwe kakenso n'kosiyana. Ndudu imakokedwa mwachangu ndipo imatha m'mphindi zisanu, thupi litalandira zonse pakamodzi. Vape imafuna kukoka pang'onopang'ono, motalikirapo, ndipo chikonga chimakwera mochedwerapo. Choncho musadikire kuti chibaba chifike pakhosi. Ndudu ya m'mawa ndi imene imavuta kwambiri chifukwa usiku wonse chikonga chimakhala chatsika m'magazi. Vape igone pafupi, yotchaja kale, ndipo mukadzuka yambani ndi iyoyo musanayambe n'komwe kuganiza za machesi. Ena amathandizidwa ndi kapepala ka chikonga komata pakhungu, kamene kamapereka mlingo wokhazikika tsiku lonse, vape n'kumangogwira ntchito pamene chibaba chabwera mwamphamvu. Ngati timapepalati mungatipeze kufamase, funsani za mlingo woyenera munthu wa paketi imodzi.

Za kumowa ndinena mosabisa. Mowa umafooketsa chilichonse chimene munalonjeza muli bwinobwino, ndipo pamalo pamene aliyense akusuta, wina sangalephere kukupatsirani. Kuno kwathu ndudu zimagulitsidwa imodziimodzi pa okala iliyonse, ndiye munthu amadziuza kuti sindinagule paketi, ndangotenga kamodzi. Kwa milungu inayi kapena isanu ndi umodzi yoyambirira, ndikanakonda mukanapewako malowo. Zikakanika, auzeni anzanuwo musanayambe kumwa kuti mwasiya ndipo asakupatseni ngakhale mutapempha. Padzapezeka wokusekani. Padzapezekanso wina amene adzakufunseni kumbali kuti mwatha bwanji.

Ntchito yanu ili ndi misampha yakeyake. Batire ikatha muli pakati pa ulendo, kapena magetsi akazima usiku osatchaja, kapena koyilo ikapsa muli pamzere wa pachipata cha dziko, chapafupi ndi ndudu. Yendani ndi koyilo yapadera, timadzi tokwanira ulendo wonse, ndi chingwe chotchajira m'galimoto. Mukamva kakomedwe kopserera, lekani kukoka, onjezerani timadzi kapena sinthani koyilo, chifukwa pamenepo ndi pamene makemikolo oipa amachuluka. Musaisiye padashibodi padzuwa, musaitchaje mutagona, ndipo ngati ndi ya batire yochotseka, batireyo isakhale m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo. Anthu apsapo ntchafu ndi zimenezi. Ngati mumadutsa malire, funsiranitu malamulo a dziko limene mukupitalo. Ndipo ganizirani za kumene muzipeza timadzi mng'ono wanu akachedwa kutumiza. Ndaonapo anthu amene anasiya bwinobwino akubwerera ku fodya pa chifukwa chokhachi, botolo litatha.

Samalani ndi ma vape otaya akatha, amitundumitundu aja. Ambiri amalembedwa 5%, kutanthauza 50 mg/ml, kuposa kuwirikiza kawiri malire a 20 mg/ml amene amaloledwa ku Britain ndi m'mayiko a European Union. Ku Britain analetsa kugulitsa otayawa kuyambira pa 1 June 2025. Ma vape otayawa amatha kukusiyani ndi chibaba chachikulu kuposa chimene munali nacho, ndipo mphamvu yake simungaitsitse pang'onopang'ono. Vape yothira timadzi nokha ndi imene imakupatsani ulamuliro.

Chikonga chikachuluka m'thupi mudzamva nseru, chizungulire, mutu, thukuta ndi mtima kugunda mothamanga. Mukatero pumulani, ndipo zikamabwerezeka tsitsani mphamvu. Amene anakulira kumadera olima fodya monga Kasungu, Dowa kapena Mchinji akuzidziwa zizindikirozi, chifukwa ndi zomwe zimagwira munthu wothyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula, chikonga chitalowera pakhungu. Timadzi ta vape timalowanso chimodzimodzi, ndiye tikakutayikirani m'manja sambani ndi sopo. Choopsa kwambiri ndi mwana. Botolo limanunkhira mango kapena sitiroberi, ndipo mwana wamng'ono akamwa ngakhale pang'ono akhoza kudwala kwambiri, ena amwalirapo. Likhale pokhoma. Zikachitika, thamangirani kuchipatala mutatenga botololo.

Masiku oyamba mutasiyiratu ndudu mukhoza kukhosomola kuposa kale ndi kutulutsa makhololo. Nthawi zambiri ndi mapapo amene ayamba kudziyeretsa, komanso vape imaumitsa kukhosi, ndiye muzimwa madzi. Koma musaponyere chifuwa chilichonse pa vape. Kusuta kumawonjezera pafupifupi kawiri chiopsezo chodwala TB. Chifuwa chopitirira milungu iwiri, kutuluka thukuta usiku, kuonda, kapena magazi m'makhololo, pitani mukayezetse. Kupweteka pachifuwa kapena kubanika mwadzidzidzi, musadikire n'komwe. Pa zaka zanu ndi mbiri yanu ya fodya, ndikanakondanso mukanayezetsa BP ndi shuga ngakhale mukumva bwino. Owerenga amene ali pa ma ARV amve izi: kafukufuku wa ku Denmark anasonyeza kuti anthu amene ali ndi HIV, akumwa mankhwala bwino koma akusuta, amataya zaka zambiri za moyo chifukwa cha fodya kuposa chifukwa cha kachilomboko.

Pali kanthu kena kamene anthu ambiri sakadziwa. Utsi wa fodya umafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, ndipo chimene chimachita zimenezi ndi utsiwo, osati chikonga. Choncho mukasiya ndudu, ngakhale muli pa vape, mankhwalawo amayamba kukhalitsa m'magazi. Ofunika kusamala nawo ndi clozapine ndi olanzapine a matenda a maganizo, ndi theophylline kapena aminophylline a mphumu. Amene akumwa amenewa, kapena warfarin woletsa magazi kuundana, kapena akubaya insulin, auze adokotala awo asanasiye kuti aone ngati mlingo ukufunika kusintha. Caffeine nayenso ali m'gulu lomweli. Ngati mumadalira khofi kapena zakumwa zopatsa mphamvu kuti musasinze pachiwongolero, mlingo womwewo udzayamba kukugwirani kwambiri: manja kunjenjemera, kusowa tulo, mtima kugunda. Ambiri amaganiza kuti ndi chibaba n'kuyatsa ndudu, pomwe chofunika chinali kuchepetsa khofi.

Mukakhala miyezi ingapo osakhudza ndudu, mpaka kufika poti mnzanu akusuta pambali panu inu osatekeseka, yambani kutsitsa chikonga cha mu vape. Kuchoka pa 20 kupita pa 12, kenako 6, kenako 3, sitepe iliyonse mukhalepo mwezi kapena iwiri. Musathamange. Mukaona kuti mwatsitsa koma mukukoka kawirikawiri kuposa kale, kapena maganizo a ndudu abwerera, kwererani pomwe munali. Kukhala pa vape chaka china n'kwabwino kusiyana ndi kubwerera ku paketi chifukwa chofulumira. Koma cholinga chikhale choti tsiku lina nayonso idzachoke, pakuti mapapo sanapangidwire nthunzi ya glycerin, ndiponso ndalama zake si zochepa. Vape ikakukanikani, njira zina zilipo. Mu 2024 WHO inatulutsa malangizo ovomereza varenicline, cytisine, bupropion ndi chikonga cha chingamu kapena chomata, pamodzi ndi uphungu. Mapiritsiwa amafuna dokotala, makamaka kwa inu oyendetsa galimoto, chifukwa ena amatha kusokoneza tulo kapena kuchititsa chizungulire.

Zaka 43 si mochedwa. Kafukufuku wa Richard Doll ndi anzake, amene anatsatira madokotala a ku Britain kuyambira 1951 mpaka 2001, anapeza kuti wosuta moyo wake wonse amataya pafupifupi zaka 10. Amene anasiya ali ndi zaka 40 anabweza pafupifupi 9 mwa zimenezo, amene anasiya ali ndi 50 anabweza 6, a zaka 60 anabweza zitatu. Ziwerengerozi ndi za anthu amene anasiya, osati amene anachepetsa.

Khalani pansi ndi mayi musankhe tsiku limodzi m'milungu iwiri ikubwerayi, lisakhale la malipiro kapena loyamba ulendo wautali. Usiku wake chotsani ndudu, machesi ndi laitala m'nyumba ndi m'galimoto. Mugwirizane kuti vape muzikokera panja, osati pamaso pa ana, ndipo ngati kunyumbako kuli woyembekezera, kutali ndithu. Muwauzenso mayiwo kuti sabata yoyamba ndi yachiwiri mukhoza kukhala wosachedwa kupsa mtima, wosowa tulo ndi wanjala, ndipo zimenezi zimachepa pakatha milungu itatu kapena inayi. Tsiku lina mukadzaterereka n'kusuta imodzi, musadzagule paketi poganiza kuti zonse zawonongeka. Dzifunseni chimene chinachitika, kaya batire inatha, kaya munali mutamwa, kaya timadzi tinali tofooka, mukonze chimenecho, ndipo m'mawa mwake mupitirize ndi vape yokha.